Lamba amene makolo amaiwala: kuwunika kafukufuku wa ku America pa mipando ya ana ya m'galimoto

Kumsana kwa mpando wa mwana wa m'galimoto, makamaka umene umayang'ana kutsogolo, kumakhala lamba mmodzi wokhala ndi mbedza yachitsulo kumapeto kwake. Lambayu amachokera pamwamba pa mpandowo, kudutsa pamwamba pa mpando wa galimoto, n'kukakolowekedwa pa kachitsulo kamene opanga galimoto anaika kumbuyo. Kumumanga sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Komabe kafukufuku wa ku United States wakhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti pafupifupi theka la makolo amamusiya akulendewera, kapena amamusiya ali chipindire m'kathumba kake monga anachokera ku sitolo.

Mwa kafukufuku yense amene anachitika pa nkhaniyi, amene amatchulidwa kwambiri ndi wa bungwe la Insurance Institute for Highway Safety, IIHS mwachidule, amene Angela Eichelberger ndi anzake anasindikiza mu Journal of Safety Research m'chaka cha 2014. Ndi kafukufuku wabwino, ndipo ziwerengero zake n'zothandiza. Vuto lili pa phunziro limene ambiri atengapo, lakuti makolo sadziwa, choncho aphunzitsidwe basi. Munthu akaziwerenga mofatsa ziwerengerozo, amapeza kuti zikuloza kwina: pa mmene galimoto inapangidwira, pa mmene uthenga unaperekedwera, ndiponso pa lamulo limene linalola kuti lambayu akhale wosankha.

Ntchito ya lambayu

Mpando wa mwana umamangidwa pansi m'njira imodzi mwa ziwiri. Ena amaumanga ndi lamba wa galimoto yemwe akuluakulu amavala. Ena amaukoloweka pa tizitsulo tiwiri tobisika pakati pa pokhalira ndi potsamira pa mpando wakumbuyo. Tizitsuloti n'tokhuthala mamilimita 6 ndipo timatalikirana mamilimita 280. Ku Ulaya ndi ku Japan njira imeneyi imatchedwa ISOFIX, pomwe ku United States imatchedwa LATCH. Inayamba kuoneka m'chaka cha 1997 pa galimoto ya Volkswagen Golf, mogwirizana ndi kampani yopanga mipando ya Britax Römer.

Njira zonse ziwirizi zimagwira mpando cha kumunsi kokha. Galimoto ikagunda chinthu n'kuima mwadzidzidzi, kumunsi kwa mpando kumakhala pomwepo koma kumwamba kumagwadira kutsogolo, monga mmene thumba la chimanga lomangidwa pansi pokha limapendamira pa njinga ikaima modzidzimutsa. Mutu wa mwana uli kumwambako, ndipo ndi umene umapita patali kwambiri. Lamba wa pamwamba amagwira mpando pa malo achitatu kuti usagwadire.

Mphamvu imene imakhalapo pa nthawiyo si yamasewera. Pa mayeso a boma la United States, mpando umayesedwa ngati galimoto yagunda pa liwiro la makilomita 48 pa ola, ndipo pa kanthawi kochepako thupi limakankhidwa ndi mphamvu yoposa kulemera kwake maulendo pafupifupi 20. Mwana wolemera makilogalamu 15 amakoka malamba ngati katundu wa makilogalamu 300. Anamwino ndi madokotala akudziwa kale chifukwa chimene mutu ndi khosi zimakhalira pa chiopsezo chachikulu: mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, minofu ya m'khosi ndi yofooka, ndipo mafupa a khosi amakhala asanakhwime. Mutu ukamenya kumsana kwa mpando wakutsogolo, kapena chitseko, zotsatira zake zingathe kukhala kuvulala kwa ubongo kumene munthu amakhala nako moyo wake wonse.

Akatswiri amene amayesa mipandoyi ndi zidole zoyesera amapeza kuti lamba wa pamwamba amachepetsa mtunda umene mutu umapita kutsogolo ndi masentimita 10 mpaka 15. Pakamwa mtundawu ukumveka wochepa. Koma kumbuyo kwa galimoto yaing'ono, pamene woyendetsa wakankhira mpando wake m'mbuyo, masentimita amenewa ndi amene amasiyanitsa mutu womenya chinthu ndi mutu wobwerera osakhudza kanthu.

Zimene kafukufukuyu anapeza

Ofufuza a IIHS sanangofunsa makolo ngati amamanga lambayu. Anatumiza anthu ophunzitsidwa za mipando ya ana kukaona okha m'magalimoto, m'malo monga ogulitsira malonda ndi osungirako ana, kenako n'kucheza ndi oyendetsawo. Anapeza kuti mipando 56 pa 100 iliyonse yoyang'ana kutsogolo inali ndi lamba wa pamwamba wokolowekedwa. Atayang'anitsitsa ngati lambayo anamangidwa moyenera, chiwerengero chinatsika kufika pa 39. Ena anali atamukoloweka pa malo olakwika, ena anamusiya wakhwepa, ena wopotana.

Anapezanso kusiyana kwakukulu malingana ndi mmene mpando unamangidwira pansi. Pa mipando imene inakolowekedwa pa tizitsulo ta LATCH, 71 pa 100 iliyonse inali ndi lamba wa pamwamba. Pa imene inamangidwa ndi lamba wa galimoto, inali 33 yokha. Oyendetsa amene sanamange lambayu atafunsidwa chifukwa, ambiri anati sankadziwa kuti alipo kapena sankadziwa kamangidwe kake.

Pali zinthu zitatu zoyamikirika pa ntchitoyi. Choyamba, kuona ndi maso kumaposa kufunsa, popeza kholo lililonse limafuna kuoneka losamala pamaso pa mlendo. Chachiwiri, ofufuzawo anasiyanitsa kumanga ndi kumanga moyenera. Aliyense amene anagwirapo ntchito yogawa masikito akudziwa kufunika kwa zimenezi: kukhala ndi masikito m'nyumba n'kosiyana ndi kugonamo usiku uliwonse. Chachitatu, anagawa zotsatira zawo motengera njira yomangira, ndipo m'menemo ndi mmene muli phunziro lalikulu la kafukufuku yense.

Pamene kafukufukuyu akuperewera

Anthu amene anaonedwa sanasankhidwe mwachisawawa kuti aimire dziko lonse. Anali amene anapezeka pa malowo ndipo anavomera kuima kuti galimoto yawo iyang'anidwe. Kholo limene lili ndi nthawi yoima, komanso limene silikuchita manyazi ndi mmene lamangira mwana, kawirikawiri limakhala losamala kale. Motero 56 akhoza kukhala wokwera kuposa mmene zinthu zilili pamsewu. Kafukufuku wina wa bungwe lomweli, wa Jessica Jermakian ndi JoAnn Wells amene anatuluka mu 2011, anayang'ana magalimoto oimikidwa m'dera la Washington popanda kufunsa eni ake, ndipo anapeza 43 pa 100 iliyonse. Mu 2017 bungwe la Safe Kids Worldwide linalengeza kuti mipando 64 pa 100 imene linaona inalibe lamba wokolowekedwa. Ziwerengero zitatuzi zinapezedwa m'njira zosiyana, choncho si bwino kuziika pa mzere umodzi n'kunena kuti zinthu zinakwera kenako zinatsika. Chimene zikugwirizana n'chakuti, patatha zaka zoposa 10 chikhazikitsireni lamulo la tizitsulo tokolowekapo, lambayu ankamangidwabe ndi pafupifupi theka la anthu kapena kucheperapo.

Chachiwiri n'chakuti kafukufukuyu sanayeze kuvulala. Sanatsate ana amene anachita ngozi kuti aone ngati omangiridwa lambayu anavulala mocheperapo. Imeneyo sinali ntchito yake, ndipo olemba ake sananene kuti anachita zimenezo. Koma amene amamutchula pophunzitsa nthawi zambiri amasakaniza zinthu. Umboni waukulu wakuti lambayu amateteza umachokera ku mayeso a zidole ndi ku nzeru ya mmene zinthu zimayendera zikagundana. Umboni umenewu ndi wolimba ndipo umabwerezabwereza zotsatira zofanana. Koma chidole si mwana: khosi lake silipindika ngati la munthu, ndipo mayeso ambiri amakhala a kugunda kwa kutsogolo kokha, pomwe pamsewu galimoto imagundidwa cham'mbali, imagubuduzika, kapena imagunda kawiri. Kuwerenga ubwino wa lamba yekha pa ngozi zenizeni n'kovuta, chifukwa apolisi ndi achipatala salemba kawirikawiri ngati lambayu anali womanga, ndiponso ana ovulala kwambiri ali pa mipando yawo ndi ochepa.

Kuchepa kwa chiwerengero kotereku kunapunthwitsapo kale akatswiri pa nkhani yoyandikana nayo. Mu 2007 magazini ya Injury Prevention inasindikiza kafukufuku wa Henary ndi anzake, amene ankati ana a chaka chimodzi kufikira ziwiri amakhala otetezeka pafupifupi kasanu akayang'ana kumbuyo kusiyana ndi kuyang'ana kutsogolo. Chiwerengerochi chinafalikira m'zipatala ndi m'mabuku a makolo. Patatha zaka pafupifupi 10, akatswiri atawerengeranso anapeza kuti panali zolakwika, ndipo ana ovulala anali ochepa kwambiri moti sakanatha kutsimikiza kusiyana kwakukulu chotero. Langizo lakuti mwana ayang'ane kumbuyo silinasinthe, chifukwa lili ndi maziko ena, koma chiwerengero cha "kasanu" chinayenera kusiyidwa. Wogwira ntchito ya zaumoyo amene amalonjeza makolo nambala yeniyeni pa lamba wa pamwamba akhoza kugwa m'mbuna yomweyo.

Palinso ziwerengero ziwiri zotchuka zimene zimamatidwa molakwika pa nkhaniyi. Bungwe la boma la United States loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, linawerengera mu 1996 kuti mipando ya ana imachepetsa imfa ndi 71 pa 100 kwa makanda ndi 54 pa 100 kwa ana a chaka chimodzi kufikira zinayi m'magalimoto ang'onoang'ono. Ziwerengerozi zikunena za mpando wonse poyerekeza ndi mwana wosamangidwa konse, ndipo zinachokera ku ngozi za m'nthawi imene magalimoto a m'dzikolo anali asanalamulidwe kukhala ndi pokolowekera lamba wa pamwamba. Zikuonetsa kuti phindu lalikulu lili pa kukhala ndi mpando womangidwa bwino. Lamba wa pamwamba amawonjezera pa phindulo.

"Sindinkadziwa" si mathero a funso

Kufooka kwenikweni kuli pa mmene yankho la makolo linalandiridwira. Munthu akati sankadziwa, chimene chimabwera msanga m'mutu ndi kusindikiza timapepala ndi kuchititsa misonkhano. Mabungwe a ku America achita zimenezi chaka ndi chaka, ndipo ali ndi anthu masauzande ophunzitsidwa kuthandiza makolo kumanga mipando. Ngati kuphunzitsa kokha kukanakhala mankhwala, chiwerengero chikanachoka kalekale pa theka. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: n'chifukwa chiyani kholo limene linagula mpando, n'kuumanga ndi manja ake, silinaone lamba amene ali pa mpando womwewo?

Yankho limodzi lili mu 71 ndi 33 uja. Pamene boma la United States linkabweretsa njira ya LATCH, linalamula kuti magalimoto atsopano akhale ndi pokolowekera lamba wa pamwamba pofika Seputembala 2000, ndiponso tizitsulo tapansi pofika Seputembala 2002. Zinthu ziwirizi zinalengezedwa pansi pa dzina limodzi. Makolo ambiri anamva kuti pali njira ziwiri: ya LATCH, imene ili ndi tizitsulo ndi lamba wa pamwamba, ndi yakale ya lamba wa galimoto, imene siifuna china chilichonse. Choonadi n'chakuti lamba wa pamwamba amafunika pa njira zonse ziwiri. Kusadziwa kwa makolo kunabadwa ndi mmene uthenga unamangidwira mtolo.

Zimenezi zili ndi zotsatira zodetsa nkhawa. Kuyambira Febuluwale 2014, malamulo a ku United States amafuna kuti mipando ilembedwe malire a kulemera: mwana pamodzi ndi mpando wake akaposa makilogalamu 29.5, tizitsulo tapansi tisagwiritsidwenso ntchito, m'malo mwake mpando umangidwe ndi lamba wa galimoto. Ndiye kuti mwana akakula, akatalika, mutu wake ukayandikira kwambiri mpando wakutsogolo, m'pamene kholo limasamukira ku njira imene lamba wa pamwamba amaiwalika kwambiri. Kafukufuku wa 2014 anali ndi ziwerengero zoonetsa ngoziyi, koma uthenga umene unafika kwa anthu wamba unangokhala wakuti "kumbukirani lamba".

Yankho lina lili m'galimoto momwemo. Pa galimoto ya saluni, pokolowekera pamakhala pa kashelefu kakuseri kwa mpando wakumbuyo, poonekera. Pa magalimoto otsegula chitseko kumbuyo ndi akuluakulu a banja, pangathe kukhala kumsana kwa mpando, pansi m'buti, pansi pa kapeti, kapenanso kudenga. Pafupi napo pamakhala timbedza tomangira katundu tofanana napo, koma tosapangidwira mphamvu ya ngozi. Pa mapikapu, kamangidwe kake kamakhala kozungulira moti ngakhale ozolowera amayamba atsegula buku. A IIHS eni ake anatsatira njira imeneyi pambuyo pake: kafukufuku wa Jessica Cicchino ndi Jermakian anaonetsa kuti makolo amamanga lambayu kwambiri pamene pokolowekera pali pa kashelefu kaja. Mu Juni 2015 bungweli linayamba kupereka magiredi kwa magalimoto malingana ndi kuphweka kwa kumangamo mpando wa mwana. Mwa magalimoto 102 oyamba, atatu okha ndi amene anapeza giredi yabwino. Apa bungweli linachita zimene kafukufuku wake woyamba anangozikhudza pang'ono, kuchotsa mlandu pa kholo lokha n'kuugawirako opanga galimoto.

Yankho lachitatu lili m'lamulo. Muyezo wa ku United States wa mipando ya ana, FMVSS 213, uli ndi malire awiri a mtunda umene mutu wa chidole ungapite kutsogolo: mamilimita 720 lamba wa pamwamba atamangidwa, ndi mamilimita 813 asanamangidwe. Cholinga chake n'chabwino, kuti mwana atetezedwebe ngakhale kholo litaiwala. Koma zikutanthauzanso kuti boma linavomereza kuyambira pachiyambi kuti lambayu adzaiwalika, ndipo mpando wopanda lamba womanga umaonekabe wolimba m'manja mwa kholo. Palibe chimene chimalira, palibe chimene chimagwedera, palibe chochenjeza.

Mmene maiko ena anachitira

Australia inasankha njira ina kale kwambiri. Magalimoto ang'onoang'ono atsopano m'dzikolo anayamba kulamulidwa kukhala ndi pokolowekera mu 1976, ndipo muyezo wa mipando ya ana wa kumeneko umafuna lamba wa pamwamba, ngakhale pa mipando ya makanda yoyang'ana kumbuyo. ISOFIX italoledwa m'dzikolo pa muyezo wa 2013, lambayu sanachotsedwe. Kholo la ku Australia linakula likuona lambayu ngati mbali ya mpando, osati chowonjezera. Canada nayo inalamula pokolowekera pa magalimoto ang'onoang'ono mu 1989, zaka zoposa 10 dziko loyandikana nalo lisanatero, ndipo kumeneko kumanga lambayu pa mpando woyang'ana kutsogolo n'kokakamiza.

Ku Ulaya, muyezo wa United Nations wotchedwa R129 kapena i-Size, umene unayamba kugwira ntchito mu 2013, umafuna kuti mpando wa ISOFIX ukhale ndi choletsa kugwadira, koma umalola mitundu iwiri: lamba wa pamwamba, kapena mwendo wochirikiza umene umachokera kutsogolo kwa mpando n'kuponda pansi pa galimoto. Mwendowu ndi wovuta kuuiwala chifukwa umaonekera, ndipo mipando yambiri ili ndi kachizindikiro kamene kamasintha kuchoka kofiira kukhala kobiriwira zonse zikakhala m'malo. Muyezo womwewu umafuna kuti mwana ayang'ane kumbuyo mpaka atakwanitsa miyezi 15.

Sweden inapita patali kuposa pamenepa. Pulofesa Bertil Aldman anapanga chitsanzo choyamba cha mpando woyang'ana kumbuyo mu 1964, ataona mmene opita mu mlengalenga ankagonera chagada kuti msana wonse ulandire mphamvu ya chombo chawo. Mpaka lero ana ambiri a ku Sweden amayang'ana kumbuyo kufikira zaka pafupifupi zinayi. Mwana woyang'ana kumbuyo, pa ngozi ya kutsogolo, mutu, khosi ndi msana wake zimakankhidwira limodzi m'kati mwa mpando. Vuto limene lamba wa pamwamba amalichepetsa, kuyang'ana kumbuyo kumalipewa kwakukulu. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linalangiza mu 2018 kuti mwana akhale choyang'ana kumbuyo mpaka atafika malire a kulemera kapena kutalika amene opanga mpando analemba.

Kafukufuku wa 2014 sanayerekeze United States ndi maiko amenewa, ndipo apa m'pamene anataya mwayi. Kuyerekeza kotere kukanaonetsa kuti kuiwala lamba si khalidwe lobadwa nalo la makolo. Kumachuluka kapena kuchepa malingana ndi zimene lamulo ndi opanga zinthu anasankha.

Kuwerenga kafukufukuyu m'Malawi

Lipoti la World Health Organization la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndi zimene zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Chigawo cha Africa ndicho chili ndi imfa zochuluka kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Koma ana ambiri m'dziko muno amakumana ndi ngozi akuyenda pansi m'mbali mwa msewu, ali kumsana kwa mayi pa kabaza, ali pamiyendo m'minibasi kapena kumbuyo kwa lole. Kwa ana amenewa nkhani ya lamba wa pamwamba ilibe polowera. Mlangizi wa zaumoyo amene angayambe ndi lambayu pa sikelo ya kumudzi ndiye kuti wayamba kufolera nyumba isanamangidwe.

Pali gulu lina limene nkhaniyi ikulikhudza mwachindunji, ndipo likukula: mabanja a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba amene ali ndi galimoto yawo, ena mwa iwo ogwira ntchito m'zipatala momwemo. Magalimoto ambiri otere ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, monga Toyota Vitz, Passo, Sienta, Nissan March ndi Honda Fit. Japan inalamula kuti magalimoto atsopano ogulitsidwa kuyambira Julaye 2012 akhale ndi ISOFIX pamodzi ndi pokolowekera lamba wa pamwamba. Choncho mabanja ambiri ali ndi tizitsuloti m'galimoto zawo osadziwa, chifukwa buku la galimoto limabwera m'Chijapani kapena silibwera n'komwe. Galimoto yakale kuposa pamenepo ikhoza kukhala nato kapena ayi. Ndipo popeza ambiri mwa magalimotowa ndi aang'ono, mpata wa pakati pa mutu wa mwana ndi mpando wakutsogolo ndi wochepa, zimene zikuchititsa masentimita 10 mpaka 15 aja kukhala ofunika kwambiri.

Mipando nayo imabwera kuchokera kosiyanasiyana: ina pa kaunjika, ina kwa achibale a ku South Africa kapena ku Britain, ina pamodzi ndi galimoto. Mpando wa ku America, wa ku Ulaya ndi wa ku Japan ungathe kukhala ndi kamangidwe kosiyana. Wa pa kaunjika nthawi zambiri umafika wopanda buku, lamba wa pamwamba atadulidwa kapena mbedza yake itachoka, ndipo palibe amene angadziwe ngati unachitapo ngozi. Opanga mipando yambiri amaika malire a zaka 6 mpaka 10 kuchokera tsiku limene unapangidwa, chifukwa pulasitiki imafooka ndi kutentha komanso ukalamba. Kafukufuku wa ku America sanakumane ndi mavuto amenewa, popeza anayang'ana magalimoto okhala ndi pokolowekera komanso mipando yathunthu. Ziwerengero zake, kaya 56 kaya 39, sizinganene kanthu za Lilongwe. Chimene chingatengedwe ndi njira yake: kukaona ndi maso, kusiyanitsa kumanga ndi kumanga bwino, ndi kulemba mtundu wa galimoto ndi gwero la mpando. Ophunzira za umoyo wa anthu angathe kuchita ntchito yotere pa zipata za sukulu za mkaka ndi pa malo oimikapo magalimoto a zipatala, popanda ndalama zambiri.

Kwa namwino kapena wodzipereka amene akucheza ndi banja lokhala ndi galimoto, dongosolo la uthenga ndi limene lili lofunika. Mwana akhale kumbuyo, osati pamiyendo ya wamkulu, chifukwa palibe mikono imene ingagwire makilogalamu 300. Akhale pa mpando woyenera msinkhu wake. Ayang'ane kumbuyo kwa nthawi yaitali imene mpandowo ukulola, ndipo mpando woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo pamene pali thumba la mpweya lofufuma pa ngozi. Mpando umangidwe mothina moti ukagwedezedwa podutsa lamba usasunthe kuposa masentimita 2.5. Mwana akatembenuzidwa kuyang'ana kutsogolo, lamba wa pamwamba amangidwe, kaya mpando wagwidwa ndi tizitsulo kaya ndi lamba wa galimoto. Mawu omalizawa ndi amene uthenga wa ku America unawasiya, ndipo asasiyidwe kuno.

Kufotokoza pakamwa kokha kungabwereze cholakwika chomwe chija. Kumene kuli kotheka, mlangizi apite ndi kholo ku galimoto, atsegule buti, afufuze limodzi kachitsulo kamene kawirikawiri kamakhala ndi chithunzi cha nangula kapena cha mpando wa mwana. Mbedza isakolowekedwe pa zitsulo za chotsamira mutu kapena pa timbedza ta katundu. Lamba asapotane, ndipo akokedwe mpaka kukhwepa konse kutatha. Ngati lamba anaduka, asalowetsedwe m'malo ndi chingwe, chitenje kapena mphira womangira katundu pa njinga, ndipo owotcherera zitsulo asapangire galimoto pokolowekera pongoganizira. Ngati galimoto ilibe pokolowekera, banja lisasiye mpando poganiza kuti ndi wopanda ntchito. Mpando womangidwa bwino ndi lamba wa galimoto, motsatira malangizo a opanga, umateteza kwambiri kuposa kukhala opanda mpando, ndipo banja lotere lili ndi chifukwa chinanso chosungira mwana choyang'ana kumbuyo kwa nthawi yaitali.

Kafukufuku wa Eichelberger ndi anzake ndi woyenera kuwerengedwa ndi aliyense wophunzitsa za chitetezo cha ana, koma awerengedwe mpaka pa mzere wa 71 ndi 33, osangothera pa 56. Maiko amene akulemba kumene malamulo a mipando ya ana ali ndi mwayi wophunzira pa zimenezi. South Africa inakhazikitsa mu 2015 lamulo lakuti ana osakwana zaka zitatu akhale pa mpando wawo m'galimoto. Kulikonse kumene lamulo lotere lidzakambidwe, ogwira ntchito za umoyo ayenera kufunsa kuti litchule miyezo ya mipando yololedwa kulowa m'dziko, ndiponso kuti mpando woyang'ana kutsogolo ugulitsidwe uli ndi lamba wake wa pamwamba kapena mwendo wake wochirikiza, pamodzi ndi malangizo amene kholo lingathe kuwerenga m'chilankhulo chake.